Tonde wa M'chijasi

"Ine phazi langali linapondapo malo oti mbuzi ya ku Ulaya imayamba yapemphera isanaponde," anatero a Josiah Chikadza, akumanga zingwe za jombo pakhonde pawo ku Chinsapo. "Ku Sikotilandi, abale anga, phompho lake ukaponya mwala m'mawa, kugwa kwake umakakumva uli pa nkhomaliro. Pansi nyanja ikuwira, mphepo ikutola nkhosa ngati mapepala a shuga. Ine patsogolo. Dokotala, mkazi wake ndi ana pambuyo, atagwirira chijasi chomwechi. Mantha ine sindiwadziwa nkhope. Ndimangomva kuti kwa aneba aliko."

A Josiah anagwirapo ntchito ya ukhukhi kwa dokotala wina wachizungu, ndipo ankati bwanayo anawatengerako kwawo. Ena m'Chinsapo ankavomera. Ena ankati mkuluyo anangofika pabwalo la ndege ku Lumbadzi atasenza masutikesi, n'kubwerera pa basi. Kaya anafikako kaya ayi, ntchitoyo inawasiyira chijasi chakuda chofika mu akakolo, kandevu kotuwa kosongoka pachibwano, ndi matenda oyenda popanda kopita.

Matendawa ndiwo ankazunguza anthu mutu. Munthu amayenda kupita kumaliro, kuchigayo, kukazonda wodwala. Koma a Josiah Lamulungu lililonse, akaweruka kutchalitchi, ankandandalika banja lawo n'kutsetserekera nalo kumtsinje wa Lilongwe, kukangoyenda basi. Poti nyanja kunalibe, anadzipangira yawoyawo. Dzenje lalikulu limene kale ankaphwanyamo miyala analitcha Phompho. Pamene okumba mchenga amakocheza timabwato tawo ta migolo anati ndi pa Doko. Zigafa zakugwa za esiteti ya fodya imene inatha kalekale, zimenezo ndiye Linga la Mafumu.

"Mukupita kwa yani, a Josiah?" anthu ankafunsa.

"Kwa mphepo," iwo ankayankha, osaima.

Lamulungu limenelo, mu Okutobala wa 1996, paulendopo panali mlendo. Anali Upile, mnyamata wogulitsa misomali ndi penti m'sitolo ina m'tauni, amene anali atangokwatira kumene mwana wawo Thandie. A Josiah anatsogola, chijasi chikusesa fumbi. Akazi awo a Nangozo ndi Thandie anali pakati. Upile anali kutali kumbuyo, kuopa kuponda chithunzithunzi cha apongozi aakazi.

Pofika Lolemba masana, Upile anali m'chitokosi pa mlandu woba mbuzi.

* * *

Sajeni Emmie Dzimbiri, amene anapatsidwa nkhaniyi, anali mayi wa thupi lawo, odana ndi kuyenda ngati mphaka ndi madzi. Akangokhala pa desiki ankavula nsapato za boma n'kuzikankhira pansi pa tebulo kuti zikaganizire zolakwa zake. Kutsogolo kwawo kunakhala mwini mbuzi, Mayi Peggy, atamanga chitenje m'chiuno ngati opita kunkhondo.

"Musalembe kuti mbuzi, Mayi Sajeni. Lembani kuti tonde. Timbuzi tonse mukutiwona m'Chinsapo muno ndi ana ake. Anthu amachokera ku Likuni kudzamubwereka. Ndinamutcha Bwanamkubwa, chifukwa kudya amadya tsiku lonse, koma ntchito yake ndi imodzi yomweyo."

"Maonekedwe ake?"

"Wofiirira, banga loyera pamsana, lalitali ngati mapu a Malawi. Ndevu mpaka apa."

"Munamusiya kuti?"

"Pa msipu wa kumunsi kwa dzenje la miyala, pamene ndimamumangirira masiku onse. Ine ndinapita kuchinkhoswe ku Biwi. Pobwera dzuwa litapendeka, ndapeza chikhomo chokhachokha, chingwe chodula ndi mpeni."

"Nanga za Upile mwazitenga kuti?"

"Kwa Kings wa pachiwaya. Iyeyo anamva kwa Grain wokumba mchenga. Grain ndiye anawona ndi maso ake, mnyamatayo atabereka Bwanamkubwa wanga m'chijasi ngati khanda lopita kusikelo."

"Nkhaniyi yayenda mtunda kuposa mbuzi," anatero Sajeni.

Mayi Peggy anasendeza mpando, n'kutsitsa mawu. "Mnyamatayo ine ndimamuwona waulemu, sindinama. Koma banja loyenda popanda kopita limakhala likuyang'ana chiyani? Munthu sayenda ulele, Mayi Sajeni. Amakhala akusankha."

* * *

Upile anamutulutsa m'chitokosi ali ndi malaya omwe aja a Lamulungu. Kolala inali itang'ambika mbali imodzi, ndipo m'khosi munali mikwingwirima yondandana bwino, uku ndi uku.

"Dzulo masana unali kuti?"

"Kokayenda ndi apongozi, Bwana."

"Kwa yani?"

"Kungoyenda."

Sajeni anausa moyo. "Nawenso akupatsira. Chabwino. Grain akuti anakuwona utabereka katundu. Akunama?"

"Sakunama."

"Katundu wanji?"

Upile anayang'ana zala zake za kumapazi ngati wazipeza lero. "Wolemera, Bwana."

"Wamoyo?"

"Wamoyo ndithu."

"Wa miyendo ingati?"

Pamenepo mnyamatayo anabwereranso ku zala zake za kumapazi zija.

"Tamvera, mwanawe," anatero Sajeni. "Abwana ako a kusitolo atumiza uthenga. Akuti dzina lako likangowerengedwa kukhoti Lachitatu, usakapondenso pakhomo pawo, ngakhale kukagula msomali. Mkazi wako ndi woyembekezera. Ukufuna mwana adzabadwe atapeza dzina lomudikira kale, loti mwana wa wakuba mbuzi?"

Maso a Upile analenga misozi, koma mutu anapukusa. "Mbuzi sindinabe, Bwana. Koma pali katundu wina woti ukamutchula dzina, ukwati umathera pomwepo."

Sajeni anayang'ananso m'khosi muja. Zaka zawo zonse za upolisi anali asanakumanepo ndi mbuzi yokanda ndi zikhadabo. Anawerama n'kuyamba kufunafuna nsapato.

* * *

Pa Doko la a Josiah panalibe sitima. Panali timabwato ta migolo, milu ya mchenga, ndi amayi ochapa amene anayamba kunong'onezana atangowona yunifolomu. Grain anali m'madzi ofika m'chiuno, akukoka kabwato kodzaza. Anali munthu wosawononga mawu. Ankawatulutsa limodzilimodzi ngati amawalipirira msonkho.

"Unamuwona Upile dzulo?" anafunsa Sajeni, akupuma mwa befu.

"Ndinamuwona."

"Ali pati?"

Grain analoza ndi chibwano. Pamwamba pa dzenje la miyala panali kanjira kodutsa pamsana pa chitunda, mbali ino mtsinje, mbali iyo dzenje.

"Amatsika apo. Pang'onopang'ono. Cham'mbali ngati nkhanu."

"Katunduyo unamuwona bwino?"

"Anali m'chijasi. Chakuda. Ndi mutu womwe."

"Ndiye unadziwa bwanji kuti ndi mbuzi?"

"Ndevu." Grain anadzigwira paphewa. "Zinatulukira apa. Zotuwa. Zosongoka."

"China?"

"Kulira. Me-e-e. Mwina ma-a-a. Mphepo inali yambiri."

"Miyendo?"

"Iwiri ndinayiwona ikupalasa. Inayo kaya."

"A Josiah anali pati nthawi imeneyo?"

Grain anakanda m'mutu ndi dzanja la mchenga. "Amenewo sindinawawone. Amathamanga paja. A ku Ulaya."

"Unawuza ndani zimenezi?"

"Palibe. Madzulo ndikudya tchipisi kwa Kings, ndinangoti lero ndawona mkamwini wa a Josiah atabereka chinthu cha ndevu. Kings ndiye anati, ameneyo ndi tonde wa Mayi Peggy."

Sajeni anasiya kudzikupiza ndi chipewa. "Nthawi imeneyo Mayi Peggy anali atalengeza kale kuti tonde wasowa?"

Grain anaganiza mpaka kabwato kanayamba kuthawa ndi madzi.

"Ayi," anatero. "Kulira kwa Mayi Peggy kunayamba ine nditasamba kale m'manja."

* * *

Chiwaya cha Kings chinali pa mphambano pamene amaimira maminibasi. Mwini wake anali mnyamata wa magalasi akuda ndi kapusi yoyang'ana kumbuyo, woti akamalankhula mpeni sumaleka kuvina m'dzanja.

"Amayi athu, boma lathu, takulandirani. Khalani apa pamthunzi. Lawani kaye, zaulere izi, inu ndi ife ndi amodzi."

Sajeni sanakane. Anatola nthuli, n'kuyitafuna, n'kuyitafunabe. Nyamayo inkabweza mano ngati tayala la njinga. Ndipo fungo la tonde silibisika, ngakhale ulithire kambuzi wa msika wonse.

"Nyama iyi ndi yaikulu kuposa iwe, Kings. Uziyipatsa moni. Chikopa chake chili kuti?"

"Chikopa? Aa, agalu, Amayi. Agalu a kuno mukuwadziwa, chibwerere matipate saopa munthu."

Sajeni anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa chisakasa. Panali lata lakale lotsamira khoma, ndipo ntchentche zinali pamsonkhano pansi pake. Analikankha ndi phazi. Chikopa chofiirira chinali chitakhomedwa pathabwa, chopakidwa phulusa, mapu a Malawi ali pamsana kuyambira Chitipa mpaka Nsanje.

Kings sanagwe nkhope. Anangokweza magalasi n'kuwakhazika pamphumi.

"Ohoo, chimenecho. Tsopano mwandikumbutsa. Ndinagula, Amayi. Upile yemweyo anabwera nayo kuseri kuno, atayikulunga m'chijasi chakuda chija, akuti apongozi amutuma. Ine ndi wa geni, mbuzi sindiyifunsa chiphaso."

"Nanga Mayi Peggy osawawuza bwanji kuti tonde wawo ali m'chiwaya mwako?"

"Mtima wawo, Amayi. Ali ndi bipi. Ndimafuna kuwawuza pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono, nthuli imodziimodzi," anatero Sajeni. "Tseka geni. Pinda chikopacho, unyamule wekha."

Ali m'njira Sajeni anawona kuti zinthu zaipiraipira. Chikopa chinkanena kumene tonde anathera, koma sichinkanena amene anamubweretsa. Maso a Grain ndi pakamwa pa Kings zikakumana kukhoti, majisitireti adzamaliza mlandu wa Upile tiyi asanazizire.

* * *

Lachiwiri m'mawa Sajeni anafika kwa a Chikadza. A Nangozo anali pamkeka akusankha mpunga m'lichero. Thandie anali pambali akuchapa, koma mmene ankazimenyera zovalazo pamwala, zinkaoneka kuti zinamulakwira.

"Amayi, mkamwini wanu munali naye ulendo wonse?"

"Amati anali nafe."

"Amati? Inu simunamuwone?"

A Nangozo anakokera duku kumaso. "Ife a ku Ntcheu, Mayi Sajeni, maso athu sapita kumene kuli mkamwini. Iye akatulukira uku, ine ndimayang'ana uko. Ulemu wake ndi umenewo. Mukandifunsa ngati ali wamtali kapena wamfupi, ndiyamba ndafunsa Thandie."

"Pa dzenje paja munadzera njira iti?"

"Masiku onse timadzera yakumunsi. Abambo amati yakumtunda ndi yoopsa kwa azimayi. Koma dzana, poti panali mlendo, anati amuna adzere kumtunda, akamuwonetse mmene amayendera ku Ulaya. Ife tinatsogola kukadikira ku zigafa."

"Ndiye kuti njira yakumtundayo abambo anali asanadzerepo chiyambire?"

"Amatiganizira ife."

"Ku zigafako anakupezani bwanji?"

"Ndinamva mapazi."

"A anthu awiri?"

A Nangozo anatola kamwala mumpunga n'kukayang'anitsitsa ngati kagolide. "Makutu anganso ndi aulemu."

Thandie anaponya malaya m'beseni, madzi n'kuthovukira pamkeka. "Amama, nenani. Munthu wagona pasimenti, nsikidzi zikumudya, inu muli pa ulemu."

"Thandie."

"Ine adadi anandilumbiritsa pa Baibulo, Mayi Sajeni. Baibulo lake lachizungu, mwina kuno siligwira, koma ndikuopera mimbayi." Anapukuta manja pachitenje, n'kuyang'ana kumene kunkamveka phokoso la bawo. "Za Lamulungu sindinena. Koma za Lolemba sindinalumbire. Mukawafunse chimene analawirira kwa ometa."

* * *

A Josiah anali pansi pa mtengo wa mango, pa bawo ndi madoda anzawo. Chijasi chinali pathupi. Koma chibwano chinali mbee ngati dzira losenda, ndipo nkhope yonse inkaoneka ngati nyumba yochotsedwa khonde.

"Ndevu zapita kuti, Bambo Chikadza?"

"Kutentha, Mayi. Okutobala uyu si masewera."

"Kutentha, koma chijasi chili pathupi."

"Chijasi ndi nkhani ina. Ichi chinasokedwa ku Sikotilandi. Chimadziwa chokha nthawi yofunda ndi nthawi yozizira."

Sajeni anagwira mkono wa chijasicho ngati akusirira nsalu, n'kununkhiza. Munali fungo la mankhwala a njenjete ndi thukuta la zaka zambiri. La tonde munalibe, ngakhale kaubweya kamodzi.

"Dzana munamubwerekako mkamwini wanu?"

"Kubwereka? Ichi?" A Josiah anaseka, n'kuyang'ana anzawo kuti awathandize kuseka. "Ngakhale Nangozo sachikhudza. Kuchoka pakhomo mpaka kubwerera, sichinachoke pathupi panga ngakhale kamphindi. Lembani zimenezo."

"Ndalemba. Pa kanjira kakumtunda kaja munadutsa bwanji?"

Dzanja la a Josiah linapita pachibwano kukaseweretsa ndevu, n'kupeza eni ake anasamuka. "Bwinobwino. Ine patsogolo monga mwa nthawi zonse. Zimene ankachita mnyamatayo kumbuyo sindingazidziwe. Mtsogoleri sacheuka." Kenaka anawakokera Sajeni pambali, mawu n'kuchepa. "Mayi, nkhaniyi tiyithetse mwachikulu. Ine ndiwapezera Mayi Peggy tonde wina, mwanayo atuluke."

"Mukatero mwavomera kuti mkamwini wanu ndi wakuba. Atuluka, inde, koma ntchito yatha, dzina latha. Palibe chimene mukufuna kundiwuza?"

A Josiah anayang'ana m'mwamba, m'masamba a mango. "Palibe."

Kwa Sajeni samu yake inali yoti ndi mwana wa Sitandade 1 yemwe n'kuyikhoza. Chijasi sichinachoke pathupi pa mwini wake. Chijasi chomwecho chinali pamsana pa Upile. Koma majisitireti sadya samu, amafuna pakamwa pa munthu. Ndipo pakamwa pamenepa panali pokonzeka kuperekeza mkamwini mpaka kundende ya Maula, bola mbiri ya ku Sikotilandi isade.

Sajeni anayang'ana mapazi awo n'kuwapepesa chamumtima.

"Bambo Chikadza," anatero mokweza, kuti a pa bawo amve, ndi amayi a pampopi omwe. "Boma lili pa mavuto. Tikufuna kuyenda njira yonse ya dzana, tiwone pamene panadutsa mbuzi. Koma apolisi anga ndi ana a m'tauni, zitunda sazidziwa. Kodi m'Chinsapo muno mulibe katswiri woti n'kutitsogolera?"

"Mukufunanso wina?" anatero mdala wina, akukokola nkhomo. "Si awa muli nawowa. A Josiah, dzukani, dziko likukufunani."

A Josiah anadzuka. Sanafulumire.

* * *

Masana amenewo Chinsapo yonse inadwala matenda oyenda popanda kopita. Amayi anasiya zidebe pampopi, a bawo anasiya bawo, wogulitsa mafirizesi anatsatira ndi bokosi lake poti msika unali utasamuka. A Josiah anali patsogolo. Pambuyo pawo Sajeni, akutukwana mwala uliwonse. Kenaka wapolisi wina ali ndi Upile, manja ali mu unyolo, ndi Kings amene ankapatsa moni aliyense ngati ali pa kampeni. Mayi Peggy anali pamsana penipeni pa Kings. A Nangozo ankayenda nkhope ili kumbali kuopa kuwona mkamwini, mpaka anawomba wa mafirizesi.

Khamu linawabwezera a Josiah mphamvu. Anayamba kuloza ndi ndodo uku ndi uku.

"Apo mukuwona timabwato, ndiye pa Doko. Ku Sikotilandi pamakhala asodzi a zipewa zaubweya, nsomba yake imodzi kudya mudzi wonse. Uko kuli zipupa zakugwa, ndiye Linga. Mafumu akale ankathira adani phala lamoto kuchokera pamwamba."

"Agogo anga ankapachikamo fodya mmenemo," anatero wina kumbuyo.

"Agogo ako sanayende."

Anafika pamene njira imagawikana. A Josiah anakhotera kumunsi osayang'ana munthu. "Poti pali azimayi, tidzere iyi."

"Azimayi titsala pano," anatero Sajeni. "Inu mutiwonetse mmene munadutsira dzana. Ife tiziwonera, tiphunzire."

"Jombozi zatha mano, Mayi."

"Zinali ndi mano dzana?"

Anthu anayamba kuwomba m'manja, ena kuimba mluzu. A Josiah anayang'ana kumbuyo, n'kuwona maso a Chinsapo yonse. Anakoka kolala ya chijasi, chifuwa patsogolo, n'kuyamba kukwera.

Kunena zoona, kanjirako sikanali koopsa kwenikweni. M'lifupi mwake munali ngati mkeka, ndipo amayi otola nkhuni ankadutsapo tsiku ndi tsiku ana ali kumbuyo. Poyamba panali tchire mbali zonse, ndipo a Josiah ankayenda akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mluzu. Kenaka tchire linatha. Kumanja kunatseguka dzenje, madzi obiriwira ali pansi penipeni. Kumanzere kunatseguka mtsinje, Grain akuoneka ngati chiswe pambali pa kabwato kake.

Mluzu unazima pakati pa vesi.

A Josiah anagwada, kenaka anagwira pansi ndi manja onse, kenaka anagona chafufumimba n'kukumbatira chitunda ngati m'bale wobwera kuchokera ku Joni. Dzanja limodzi linakoka chijasi n'kuphimba mutu. M'kati mwakemo munatuluka mawu aatali, onjenjemera.

"Ma-a-a-yo. Ma-a-a."

Kumunsi Grain anasiya fosholo, n'kuika manja kukamwa. "Bwana, kulira kwake n'komweko."

Kuchokera tsidya lina kunatulukira mayi wina atasenza mtolo wa nkhuni. Anaima pamutu pa chijasicho, n'kudikira pang'ono. "Tapatukani, agogo, nkhunizi zikulemera."

Kings anayamba kubwerera chambuyo, phazi limodzilimodzi, mpaka anamva dzanja likumugwira lamba.

"Ukupita kuti, mwana wanga?" anatero Mayi Peggy. "Filimu sinathe."

Sajeni anapeza mwala wabwino, anakhalapo, n'kuvula nsapato.

"Bambo Chikadza, mwapeza chiyani pansipo? Mapazi a mbuzi?"

"Nditumizireni munthu," chinayankha chijasi.

"Ine thupi langali kanjirako sikangandilole. Kings, pita ukawatenge."

"Ameneyo ayi. Sadziwa pogwira. Abwere akamwini. Akamwini ndiwo amadziwa."

"Anadziwira kuti? Si paja inu munali patsogolo, osacheuka?"

Upile anasendera pafupi ndi Sajeni, unyolo ukulira. "Bwana, chonde, asiyeni. Anthu achuluka. Mlanduwo ndingouvomera."

"Ukangoyerekeza," anatero Thandie, "mwanayu ndimutcha Bwanamkubwa."

Sajeni anakweza mawu, koma mwaulemu wonse. "Pepani, Bambo Chikadza. Akamwini anuwa ndi omangidwa. Dzana, pa kanjira komweko, anabereka tonde wa Mayi Peggy m'chijasi, mboni zilipo. Mawa ali kukhoti. Boma silingatume wakuba kukanyamula munthu wolemekezeka ngati inu. Ingodikirani, titumiza uthenga kwa ozimitsa moto. Akapeza mafuta abwera."

Kamphepo kanadutsa n'kukupiza chijasi. Jombo imodzi inapalasa, kamwala n'kugubuduka, kugubuduka, mpaka kanakagwera m'madzi obiriwira aja. Pamenepo chibwano chosenda chija chinasuzumira kunja kwa kolala, maso ali otsinzina zolimba.

"Tonde wake uti, Mayi inu? M'chijasimo munali ine. Ndevuzo zinali zanga, kulirako kunali kwanga, ndipo m'khosimo ndinakanda ndine. Amasuleni msanga. Andibereka bwanji manja ali omanga?"